Bokosi la Tomiko Silibwerera M'mbuyo

Kwathu kuno ku Nagoya, katundu wa mkwatibwi akanyamuka pakhomo pa makolo sabwerera m'mbuyo. Akabwerera, ndiye kuti mwiniwake nayenso adzabwerera, ukwati utatha. Ana a masiku ano amaziseka zimenezi, ndipo mwana wanga Chizuru ndiye ankatsogolera chisekocho.

Katundu amene ndinali naye womupatsa pa ukwati wake anali mmodzi basi: tansu ya malemu mkazi wanga Tomiko, bokosi la madilowa lokhomedwa zitsulo zakuda m'makona. Linapalidwa ku mtengo umene unabzalidwa atabadwa agogo ake a Tomiko. Agogowo anakwatiwa nalo, amayi ake a Tomiko chimodzimodzi, kenako Tomikoyo n'kubwera nalo kwa ine. Mwa atatuwa palibe anabwererapo kwawo, ngakhale Tomiko amene anali ndi zifukwa zokwanira, poti ine si munthu wophweka kukhala naye.

"Ababa, nyumba yathu ija ndi kachisa ka mbalame," anatero Chizuru. "Chibokosi chimenechi ndizikachisenza pamutu?"

"Ukaikepo wailesi yakanema pamwamba. Amayi ako ankasungamo makimono, zovala zawo za mwambo zija, iwe ukasungemo zingwe zanu za mafoni, zilibe kanthu. Koma lipita."

Anavomera kuti ndingotseka pakamwa.

Tsiku losamutsa tinalimanga ndi nsalu yofiira ndi yoyera n'kulikweza pa lole yaing'ono. Kutsogolo tinakhala atatu: dalaivala, ine, ndi alamu anga a Isamu, achimwene ake a Tomiko. Ulendo unayenda bwino mpaka titalowa kamsewu ka kumene Chizuru ndi mwamuna wake Naoto anapeza nyumba. Paja chakudza sichiimba ng'oma. Tinangoona chidzenje chodula msewu wonse, anyamata a mipope ali m'kati ndi mafosholo, pambali atayala matabwa oti adutsepo oyenda pansi okha. Nyumba yosanja ija inkaoneka patsogolo pomwepo.

Dalaivala anagwira giya. Ine ndinagwira dzanja lake.

"Madala, ndingobwerera pang'ono, tizungulire msewu wina."

"Simukuona nsalu kumbuyoko? Ndinu wa kuti inu?"

"Ndiye tigone pano?"

"Alamu," anatero a Isamu motsitsa mawu, "palibe akuona. Titseke maso tonse, ayendetse."

Anandipsetsa mtima a Isamu, munthu amene anaperekeza bokosi lomwelo tsiku la ukwati wanga. Komabe ndinaona kuti ndatsala ndekha, ndipo dzanja langa linayamba kufooka. Dalaivala anasuzumira pagalasi kuti abwerere, n'kukuwa: "Mayi, chokani kumbuyoko!"

Nditatsika ndinapeza ali Chizuru. Anationa ali pakhonde la m'mwamba n'kuthamanga ndi masilipasi a m'nyumba, Naoto ali pambuyo pake wefuwefu. Anali ataimirira kumbuyo kwa lole, manja m'chiuno, ndendende amayi ake.

"Mukabwerera muyamba mwaponda ine," anauza dalaivala.

"Iwe," ndinatero, "si unkati zimenezi n'zachikale?"

"N'zachikale, inde. Koma ndi bokosi la amayi anga. Tsitsani."

Titalitsitsa, a Isamu anakoka m'mwamba zitsulo ziwiri za m'mbali mwake, zinangoti njo ngati makutu a mphaka. Naoto anati iye ankayesa zokongoletsera. "Zokongoletsera?" anatero a Isamu. "Mwana iwe, bokosili linayamba kuyenda malole asanabadwe." Chinasowa ndi mtengo wopisamo. Mayi wina wachikulire amene ankationerera pampanda wake anayanula zovala mosafunsidwa, n'kutipatsa nsungwi yake yoyanikira, yonenepa bwino.

Tinapisa nsungwi m'zitsulo zija. A Isamu anati atsogole, koma atangoika phewa mawondo anawakanira.

"Apongozi, ndipatseni ine," anatero Naoto.

"Tenga kutsogolo, mkamwini. Ukaponda m'mbuyo ngakhale kamodzi ndikulanda mwana wanga."

Mnyamata wa muofesi uja anasenza, ine ndili kumbuyo. Matabwa ankanjenjemera pansi pa mapazi athu. Pakati pa dzenje nsapato ya Naoto inavuka n'kugwera m'matope. Anaima, nsungwi ikulira. Sanacheuke n'komwe. Anapitirira ndi sokosi. Anyamata a mipope anaimika mafosholo, mkulu wawo n'kuvula chipewa. A Isamu, poti kusenza kunawakanika, anayambitsa nyimbo ya onyamula katundu wa mkwatibwi, mawu ali osasa, ndipo mayi wa nsungwi uja anavomera. Chizuru ankayenda pambali, dzanja lili pa bokosi. Kunyada kumene ndinanyada pamatabwa amenewo sindinanyadepo chibadwire, ngakhale msana unkandiyaka moto.

Pamasitepe tinakwera ndi thukuta, koma tinafika. Bokosi linakwana pakati pa zenera ndi firiji ngati linapalidwira pomwepo. Naoto anaikapo wailesi yakanema. Chizuru anatsegula dilowa ya m'mwamba, fungo la zovala za amayi ake n'kudzaza m'chipinda. Kenako anatenga nsungwi imene tinaiimika pakhoma n'kundipatsa.

"Kabwezeni ya eni ake, Ababa. Bokosili silitulukanso muno."

Anthu onse anaseka, inenso ndinaseka nawo, chifukwa ndi zimene ndinkalimbirira tsiku lonse. Ndinakabweza nsungwi, n'kuperekeza a Isamu kukakwera sitima yawo. Nditafika kunyumba ndinavula nsapato, n'kuona pamphasa malo oyera pamene bokosi linakhala zaka zonse za ukwati wanga. Ndinakhala pansi pomwepo, phewa likutukusira. Ndinali nditapambana ndithu: bokosi silinabwerere, mwana wanganso sadzabwerera. Amene anabwerera tsiku limenelo ndi ine ndekha.