Nyimbo ya Rosina Inathera Pakati

Rosina, mkazi wa mphunzitsi wathu wa kwaya a Heyder, anamupeza atafa Lachiwiri m'madzi oyendetsa chigayo. Palibe anaona chimene chinachitika. Kaya anaterereka, kaya anadziponya, koma kuno ku Thuringia wodzipha amaikidwa kunja kwa mpanda wa manda, popanda belu, popanda nyimbo. Ine ndakhala woliza belu pa tchalitchi chino zaka makumi awiri, ndalizira zidakwa ndi mbava zomwe, ndiye nkhaniyi inandiwawa koopsa.

A Heyder anandikokera kwa abusa Krumbholz. Munthu amene anapeka nyimbo za maliro a tauni yonse tsopano ankachonderera kuti mkazi wake aimbiridwe.

"Abusa, ndagwira mwendo wanu. Nyimbo imodzi yokha."

"Bambo Heyder, timapulumuka ndi chikhulupiriro chokha," anatero abusa. "Wotaya mtima wamuyesa Mulungu wabodza. Ndipatseni umboni woti mayiwa ankakhulupirirabe."

A Heyder anatulutsa mapepala m'chikhotho. Rosina ndiye ankakopera oimba manotsi a nyimbo zawo, ndipo iyi inali ntchito yake yomaliza: nyimbo ya munthu wofuulira Mulungu ali pakuya, mawu a magulu anayi a kwaya akutsika motsatizana.

Abusa anawerenga n'kutembenuza pepala. Kuseri kunalibe kanthu.

"Mwaonatu. Kulira konse analemba. Nanga gawo la chikhululukiro lili kuti? Analisiya."

Ine ndinapsa mtima. "Abusa, munthu n'kufuulira amene samukhulupirira?"

"Inu a Veit, zanu ndi zingwe za belu."

Apo a Heyder anagwada.

"Sanalisiye ayi. Panalibe choti akopere. Chimwalirireni mwana wathu, miyezi itatu ndakhala ndikukanika kupeka gawo limenelo. Tsiku lililonse ankandifunsa, 'Abambo, chitonthozo chija mwalemba?' Ine n'kumati mawa. Ngati m'nyumba mwanga munali wotaya mtima, ndine. Kunja kwa mpanda mudzaikeko ine."

Abusa anasisita pepala lopanda kanthulo.

"Aikidwe m'kati," anatero. "Belu ayi. Nyimbo ikhale yomweyi, mmene ililimu."

Tinamuika Lachisanu m'mawa. Kwaya inaimba mpaka pamene dzanja la Rosina linalekezera, kenako zii. Anthu ankayembekeza kuti nyimbo ipitirira, maso onse ali pa a Heyder, amene mkono wawo unali udakali m'mwamba. Sanautsitse mpaka wokumba manda anayamba kukwirira.