Tsiku Limene Atelala Anajambulitsa Chikhodzodzo

Nkhaniyi anandiuza ndi mayi wina wokolopa m'chipatala, tili pa benchi kudikira basi yomwe inali itaphulika tayala. Ine ndinali ndi nthawi, iye anali ndi pakamwa.

Akuti kunali mayi wina wosoka zovala, anthu ankangowatchula kuti Atelala. Atabereka mwana wachisanu, zam'kati zinayamba kutsika, chikhodzodzo n'kusiya kumvera mwiniwake. Akatsokomola, kadontho. Akayetsemula, madontho. Akaseka, ndiye musafunse. Choncho anangosiya kuseka. Kwa zaka zinayi makasitomala ankawanena kuti ndi onyada, osadziwa kuti m'kabati ya makina munali zigamba zopindapinda zomwe sizinali za diresi ya munthu.

Kenako madokotala anawachita opaleshoni. Anakweza zomwe zinatsika n'kuika kalamba kochirikiza njira ya mkodzo. Anawalamula kuti asanyamule cholemera, ndipo amuna awo azigona choyang'ana kukhoma mpaka tsiku lodzawajambula. Bala linapola, koma mantha sanapole. Atelala ankavalabe chigamba, ndipo wina akayamba nthabwala ankaluma mlomo n'kuyang'ana singano. Ankaopa kuti akangoseka kamodzi adzapeza kuti mpeni wonse uja unapita pachabe.

Tsiku lojambula anapita ndi mlamu wawo, mchemwali wa amuna awo, mayi wapakamwa posatseka. Amuna awo anatsala pa mpando wa m'khonde atavala jekete, dazi lili ng'aning'ani ngati alipaka mafuta.

Chipindacho chinali chamdima pang'ono, mpweya wake wozizira. Munali bedi lopapatiza loyalidwa pepala, makina okhala ndi kanema, ndi mtsikana wojambula atavala magolovesi. Anawauza kuti agone chagada, apinde miyendo, n'kuwafunditsa nsalu. Anatenga kachida kooneka ngati sopo, n'kukaveka pulasitiki, n'kukapaka mafuta ozizira.

"Pepani amayi, kazizira. Ndingokakhazika panja, sikalowa. Tikufuna tione ngati kalamba kaja kakugwira mukamachita mphamvu. Tatsokomolani."

Atelala anatsokomola kachifuwa ka m'tchalitchi.

"Chimenecho si chifuwa, amayi. Tsokomolani ngati mwatsamwa."

Anatsokomolanso, koma atamanga thupi lonse ngati mfundo.

"Mukugwira. Mukagwira chonchi ine sindiona kanthu. Chabwino, kankhani ngati muja munkakankhira pobereka."

"Mwana wanga, pepala lakoli ndi loyera."

"Alipo ambiri, bokosi lonse."

Atelala anakankha ndi nkhope yokha. Tsaya linafufuma, maso anatong'oka, koma pa kanema panali zii. Wojambula anapumira m'mwamba. Anati zikapitirira chonchi alemba kuti chithunzi sichinatheke, adzabwerenso mwezi wamawa, ndipo malamulo onse a dokotala akhala momwemo.

Mlamu uja, yemwe anakhala pakona atafungatira zikwama ziwiri, anadzuka.

"Mwezi winanso? Mlamu, achimwene anga mukufuna muwaphe? Munthu watha kalendala ndi bolopeni."

"Khalani pansi, mlamu," anatero Atelala, mano ali gwa.

Koma mlamuyo anali atafika kale pa kanema, khosi atasolola.

"Iwe mwana, chozungulira ichi n'chiyani?"

"Chikhodzodzo chimenecho, amayi."

"Bodza. Ine mutu umenewu ndimaudziwa, ndakula nawo. Taonani dazi. Taonani kamlomo kolendewera aka, mmene amagonera masana pa sofa." Anatembenukira kubedi, manja m'chiuno. "Mlamu, dokotala anati adikire. Nanga achimwene alowamo bwanji muno?"

Atelala analuma mlomo. Anayesa kuganiza za maliro, anayesa kuwerenga mabowo a m'siling'i. Koma diso linawanyenga, linapita pa kanema, ndipo pamenepo panalidi bamboyo, dazi lake lomwe, akugwedezeka pang'onopang'ono ngati munthu wovomera mlandu.

Chinayambira m'mphuno. Kenako chinaphulika chiseko cha zaka zinayi, bedi n'kumalira, pepala n'kumang'ambika, misozi n'kumalowa m'makutu.

"Eya, pitirizani," anatero wojambula, dzanja limodzi litagwira kachida, linalo likudina mabatani. "Musasiye. Mwaona kamzere koyera aka? Ndi kalamba kaja. Kali nji, sikakusuntha. Zina akuuzani adokotala, koma ine chithunzi changa ndapeza."

Atelala anapisa dzanja pansi pa nsalu, n'kupapasa pepala. Linali louma. Anapapasanso kuti atsimikize, ndipo anaseka kachiwiri, ulendo uno mwadala.

Mlamu naye anali atagwira chitsulo cha bedi, akuseka mpaka kupindika. Mwadzidzidzi chiseko chinaduka, miyendo ataphatikiza. Onse atatu anayang'ana pa matailosi, pomwe panali kadziwe.

"Mwakhala nalo nthawi yaitali bwanji vutoli, amayi?" wojambula anafunsa mlamuyo mofatsa, akukoka fomu yatsopano.

"Madzi a m'botolo langa atayika," anatero mlamu.

"Botolo lanu lili m'chikwama, mlamu, chotsekera chili chomanga," anatero Atelala akudzuka. "Yankhani mwanayo. Zigamba ndikupatsani, kwanga zatha ntchito."

Apa ndi pomwe anaitanidwa mayi wondiuza nkhaniyu, ndi ndowa yake ndi chokolopera.

Ine ndayenda, ndipo zabodza ndamva zambiri, zina zokoma kuposa zoona. Zakuti chithunzi cha m'mimba chingafanane ndi munthu wadazi sinditsutsa, ndinaonapo china chofanana ndi amalume anga. Chomwe ndikukayika n'chakuti wokolopayo analowa zonse zitatha, ndipo anamva mbali ya Atelala yokha. Madzi a pansi sanena mwiniwake. Ndinamufunsa zimenezi, iye anangoti basi yabwera.