Ntchentche za pa Shelefu Yachinayi

Ntchito yanga ku labu ya payunivesite ndi yowerenga tintchentche takufa. M'mawa uliwonse ndimatsegula mabotolo, n'kusankha takufato ndi kaburashi, n'kulemba m'kaundula: botolo lakuti, tsiku lakuti, tafa tingati. Ndagwira ntchitoyi zaka khumi ndi ziwiri.

Bwana wanga ndi pulofesa wa masamu. Timawatcha a Mzere, chifukwa pabolodi lawo anajambula mzere wokwera umene amati ukufotokoza ukalamba wonse: majini a m'maselo a thupi amanka nawonongeka, imfa n'kumachuluka tsiku ndi tsiku mpaka wotsala palibe. Munthu wodziwa imfa choteroyo anali asanagwirepo botolo ndi limodzi lomwe. Ati fungo la yisiti amene timadyetsa ntchentchezo limawayetsemulitsa.

Ndiye ntchentche za pa shelefu yachinayi zinakana kumvera. Zitakwana masiku makumi asanu ndi awiri, nkhalamba zotsalazo zinkafa ndithu, koma pang'onopang'ono, osati mothamanga ngati mmene mzere unkafunira.

A Mzere anatsika okha kuchokera ku ofesi, mpango uli pamphuno.

"Mayi, simunawerenge bwino. Kapena maso ayamba kutha?"

"Ndawerenga katatu, bwana."

"Masamu sanama. Mabotolo amenewa achotseni m'kaundula, mulembe kuti anaonongeka."

"Sanaonongeke. Ngati mukukayika, kaburashi ndi aka."

Anakalandira ngati ndawapatsa mbewa yowola. Anazula thonje pabotolo loyamba osaligogoda kaye kuti ntchentche zigwere pansi. Zonse fuu! Nkhalamba makumi anayi, zimene pabolodi zinali zitafa kalekale, zinawazinga mutu. Bambo wamkulu n'kumadziomba mbama, magalasi uko.

"Mwandichitira dala!"

Ndinalemba m'kaundula kuti botolo loyamba linatsegulidwa ndi pulofesa.

Patapita miyezi itatu kunabwera mlendo, mayi wofufuzanso za ukalamba. Anawerenga kaundula wanga ataimirira, mpaka tiyi wake anazizira. Anauza a Mzere kuti chimene chili pa shelefu yachinayi n'chachikulu kuposa chilichonse cha pabolodi lawo.

Mlungu womwewo mzere uja unapindidwa kumapeto. Choko sichivuta.

Tsiku lolengeza zotsatira za kafukufukuyo, holo inadzaza. Ine anandipatsa ntchito yokonza mipando, choncho ndinaitana mlamu wanga, telala, kuti adzaone nawo. A Mzere anaima ndi tayi watsopano n'kunena kuti anakhala akukayikira kwa zaka zambiri kuti imfa imafika potopa, ndipo anayang'anitsitsa botolo lililonse ndi maso awo. Pomaliza anathokoza "mayi wathu wotsuka mabotolo." Anthu anaomba m'manja, ena n'kucheukira kwa mayi wina amene ankagawa madzi.

Mlamu anandikodola.

"Alamu, ndi amenewa mumawanena aja?"

"Omwewo."

Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Jekete njobwereka," anatero. "Taonani mapewawo."

Tinatuluka mafunso asanayambe. Mipando anakabweza okha ophunzira awo.