Uchi Woletsedwa pa Njira ya ku Cassacatiza

A Barnaba adayala makomprimidu awo, mapiritsi a matenda a shuga, pachikhatho. Adatsala asanu, oyera, ang'onoang'ono ngati njere za mapira.

"Mukuwayang'ana ngati ana anu, alamu," adatero a Vicente, mlongo wa akazi awo, akumangirira mtolo panjinga. "Tayani tizipita. Dzuwa silidikira mlaliki."

Chidali chilimwe cha 1987. Dzulo lake amfuti adatentha mudzi wa kutsidya kwa dambo, kufupi ndi Mualadzi, ndipo aliyense ankadziwa zomwe ankamuchita munthu wopezeka ndi mankhwala a kuchipatala. Ankamumenya mpaka aulule komwe namwino wabisala. Pepala la kuchipatala a Rebeka, akazi a a Barnaba, adali ataliponya kale pamoto. Atatuwa ankathawira ku Zambia, komwe mwana wawo Julieta adatsogola.

"Kutaya mankhwala ndi tchimo," adatero a Barnaba. "Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Palibe wamfuti amapisa dzanja m'mimba mwa munthu."

Adawaponya onse asanu m'kamwa, natsirira madzi.

"Si inu mudalalikira kuti mana a m'chipululu ankatola a tsiku limodzi lokha?" adafunsa a Vicente.

"Kani ulaliki mumaumva muli kuming'oma yanu ya njuchi? Mulungu ali nanu cholinga, alamu."

A Rebeka adaseka nawo, mtima uli pansi. Adaona ngati amuna awo atetezeka masiku asanu athunthu. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, chiyambire pomwe dotolo wa ku Tete adapeza matendawa, iwo ndiwo ankapereka komprimidu limodzi m'mawa uliwonse. Iwonso ndiwo ankabisa nzimbe, kubweza thobwa la pamaliro ndi kutsata amuna awo kumisonkhano ya mpingo kuti wina asawathirire shuga m'kapu. Dotoloyo adawaloza chala tsiku lija, nati, "Mukadzawapatsa zotsekemera, mwawapha ndinu." Mawu amenewo a Rebeka adawasunga ngati lamulo la pa gome la mwala.

Adanyamuka atatafuna chimanga chokazinga chodzaza dzanja limodzi aliyense. Msewu adaupewa poopa mabomba okwirira, nalowa tinjira ta osaka nyama. A Barnaba, mkulu wa mpingo amene mawu ake ankadzaza tchalitchi cha udzu, ankatsogolera nyimbo chapansipansi kuti miyendo isamve kutalika kwa ulendo.

Dzuwa lisanafike paliwombo, nyimbo idaduka. A Rebeka atacheuka adaona malaya a amuna awo ali chonyowa. Adawagwira pamphumi, napeza thukutalo likuzizira. Manja ankanjenjemera.

"Amake Julieta, njala," adatero a Barnaba. "Njala yoti sindidaimvepo."

"Tikafika pamtsinje ndiphika phala, abambo. Limbani."

"Alamu, uchi wanu uja. Kunsonga ya kamtengo kokha."

A Vicente adali ndi botolo la uchi lomwe adafula sabata yomweyo. Adayamba kumasula chingwe, koma a Rebeka adawatsomphola botololo.

"Zaka zonsezi ndawasunga ine. Mukufuna muwaphere patchire pano?"

"Alongo, munthu akupempha."

"Akupempha ndi matendawo, si iwo ayi."

A Rebeka adamwetsa amuna awo madzi, nalowetsa botolo lija mumtolo wawo, nausenza pamutu.

Adayendanso pang'ono. A Barnaba adayamba kudzandira ngati woledzera, lilime likulemera. Kenaka munthu amene sadatukwanepo chibadwire adatukwana akazi ake, nawatchula mfiti yomana.

"Awa si alamu," adanong'ona a Vicente. "Tachoka osalawira kumanda. Makolo atitsatira."

"Ndi woyesa uja," adatero a Rebeka, misozi ikutsika. "Amadikira munthu afooke m'chipululu."

Adagwada m'masamba ouma napemphera, dzanja lina litagwira mtolo. A Barnaba adakhala pansi, akubwebweta za mwana wa mfumu wa m'Malemba amene adaviika ndodo m'chisa cha njuchi, nalawa, maso ake nayera. A Rebeka adatseka makutu a mtima wawo. Ankadziwa kuti woyesayo amathanso kutchula Malemba.

Asanati ameni, a Barnaba adagwa chammbali. Thupi lidauma, miyendo idaphupha, kenaka adangoti zii, akupuma mokoka.

A Vicente adataya ufa ndi mabulangete, namangirira alamu awo panjinga ndi chitenje. Adakankha mpaka dzuwa kulowa, nagona m'thengo, ndipo m'mawa mwake adadutsa Cassacatiza. Kutsidya kwa malire kudali matenti a othawa nkhondo. M'tenti ya odwala adapezamo a Lucinda, namwino amene kale ankagwira ntchito ku Chifunde asanathawe nayenso.

A Lucinda adatsegula chikope cha wodwalayo, nafunsa zomwe adamwa. A Vicente adafotokoza.

"Asanu? Atadya chiyani?"

"Chimanga chokazinga, pang'ono."

Namwinoyo adafulumira kubaya madzi a shuga mumtsempha, napachika botolo lina pamtengo wa tenti. Atamaliza ndi pomwe adatembenuka.

"Amayi, ntchito ya makomprimidu amenewa ndi kutsitsa shuga m'magazi. Limodzi patsiku, ndipo munthu adye. Sadziwa kuwerenga masiku. Asanu amagwira ntchito onse pamodzi, ndipo amachedwa kutuluka m'thupi. Tsono m'mimba mulibe kanthu, ulendo wapansi pamwamba pake. Shuga adatheratu, ndipo ubongo wopanda shuga uli ngati nyale yopanda mafuta."

"Koma shuga ndiye mdani wawo," adatero a Rebeka.

"Akachuluka. Akachepa amapha msanga kuposa pamenepo. Thukuta lozizira, kunjenjemera, njala, kulalata ngati woledzera, pamenepo munthu amafunika chotsekemera asanakomoke. Munalibe kanthu m'njiramo? Ngakhale kamfundo ka nzimbe?"

A Vicente adayang'ana pansi. A Rebeka adatula mtolo wawo pang'onopang'ono, namasula mfundo, natulutsa botolo la uchi. Lidali lodzaza mpaka m'khosi.

"Adapempha," adatero. "Dotolo adati ndikadzawapatsa..."

A Lucinda adakhala pansi pambali pawo.

"Adakuuzani mbali imodzi, amayi. Ifenso timatero. Pakhomo pakakhala mzere wa anthu zana, timanena choletsa, chopulumutsa n'kutsala."

A Barnaba adatsegula maso tsiku lachitatu. A Rebeka adayamba kuyamika Mulungu mokweza, koma amuna awo adawayang'ana nthawi yaitali, nafunsa ndi lilime lolemera, "Mayi, kuno n'kwa yani?" Julieta atabwera sadamudziwe. Nyimbo zonse zomwe adaphunzitsa mudzi wathunthu zidawachokera. A Lucinda adati mwina zina zidzabwerera, mwina ayi.

Madzulo a tsiku limenelo a Rebeka adakhala kuseri kwa tenti ndi mlongo wawo.

"Safunsa adadya phula," adatero a Rebeka.

"Tikadafunsa yani, alongo? Mitengo? Ine ndidati ndi makolo, inu mudati ndi woyesa. Iwo okha ndiwo adanena zoona, ndiye sitidawamvere."

"Mlandu umenewu ndikaufotokoza bwanji pa tsiku lomaliza?"

"Za kumeneko mumazidziwa ndinu. Koma amene mumamupempherayo adaona kuti dzanja lomwe lidabisa botolo ndi lomwelo lawadyetsa zaka zonsezi."

Patapita milungu itatu, shuga adayambanso kukwera, ndipo a Lucinda adapereka makomprimidu ena: theka lokha m'mawa, phala lili kale m'mbale, ndipo tsiku lopanda chakudya abwere adzafunse asanamwetse. A Rebeka adabwereza mawuwo katatu ngati phunziro la ubatizo. Kenaka adapempha kabotolo kotha mankhwala, nakatsuka, nathiramo uchi wa a Vicente. Adakamanga pansalu imodzi ndi makomprimidu aja, namangirira nsaluyo m'chiuno.

Adagwira amuna awo dzanja kupita nawo ku msasa wa Julieta. A Barnaba ankayenda pang'onopang'ono, akuyang'ana kachinthu kolendewerako.

"Mayi, mwamanga chiyani pamenepo?"

"Uchi wanu, abambo. Mukadzapempha, sindidzakukanizani."

A Barnaba adagwedeza mutu, nawomba m'manja mwaulemu, monga munthu athokozera mlendo amene wamuchitira chifundo panjira.