Bokosi Langa Analiboola Mbali Zonse

Mwana wanga wamkazi anabwereka bokosi langa losungira zoziziritsa kukhosi, ati mawa lomweli abweza. Mawa lakelo linamera ndevu. Ine ndimagulitsa zakumwa pasiteji ya basi, ndipo chakumwa chofunda ngakhale mlamu wako sagula. Ndikamuimbira foni, yankho linali limodzi: "Amayi, pepani, lili pa ntchito." Bokosi kulembedwa ntchito, mwini wake ali pa ulova?

Tsiku lina ndinangomanga mpango n'kumulondola komwe amagwira ntchitoko. Anandilowetsa m'chipinda chopanda zenera, chozizira ngati mosungira maliro. Pakati panali tebulo lachitsulo lodzaza timagalasi ndi zingwe. Pamwamba pake, bokosi langa, ataliboola mbali zonse, zingwe zikutuluka ngati matumbo a nkhuku.

Ndisanatsegule pakamwa, iye anayamba kufotokoza monong'ona. Ati m'bokosimo muli makina otulutsa kuwala kotchedwa leza, kuwala kosaoneka ndi maso, komwe kumanyamula mawu a pafoni m'zingwe zagalasi. Ati m'chingwe chimodzi mumadutsa kuwala kwa mitundu yambiri, uliwonse m'njira yakeyake, ndipo wina ukasochera umalowerera anzake. Vuto la leza n'kusakhazikika: kukafunda pang'ono yasuntha, kamphepo kakadutsa yasuntha. N'chifukwa chake anaibisa m'bokosi langa.

Kenako anandionetsa kabotolo kagalasi. Ine ndinaona kopanda kanthu, iye ati muli nthunzi ya chitsulo china, ndipo maatomu ake amameza kuwala kwa mtundu umodzi wokha, lero ndi mawa osasintha. Leza ikamangiriridwa pamenepo, ikati isochere, makina amaikokera pomwepo.

"Ndiye kuti mbuzi ndi chikhomo," ndinatero. "Bambo ako akanamangiriridwa pa kabotolo aka, bwenzi ndili wonenepa. Koma ine ndabwerera bokosi."

Ndinalankhula ndi mawu anga a pasiteji, omwe amadzutsa kondakitala ali m'tulo. Pakanema wa pambali panali kamzere kobiriwira kokhala ndi kaphiri pakati. Kamzereko kanadumpha ngati kapsa. Ndinatsokomola. Kanadumphanso. Ndinati ohoo.

Apo n'kuti abwana ake akulowa, bambo wadazi, tayi ili pakhosi, thukuta kamukamu m'chipinda chozizira chonchija. Zinadziwika kuti masana omwewo kukubwera alendo a kampani ya mafoni kudzaona leza itamangidwa, ndipo inali isanamangidwe. Mwana wanga anawauza kuti chikhomo chake ndi kaphiri kaja, koma sangaikole pamenepo pali phokoso, pakufunika bata.

Abwanawo anandipatsa moni waulemu, nandipempha kuti ndikadikire panja. Ndinakoka mpando n'kukhala. Anati andigulira bokosi latsopano mwezi ukatha. Ndinati mabokosi a masiku ano ndi mapepala, ndipo mwezi ukatha ndimaudziwa, ndi mchimwene wake wa mawa. Anati nanga atani. Ine maso anali atagwa kale pa kafiriji kali pakona, momwe munali mkaka wawo wa tiyi ndi nthochi imodzi yakuda.

"Mayi, kameneko ndi kanga, ndinagula ndekha," anatero.

"Bokosilonso ndinagula ndekha, bambo. Simunandifunse poliboola."

Anayamba zoti tikambirane bwino tsiku lina. Ine ndinayamba kuwasimbira, mokweza, mmene ndinavutikira pobereka mwana ameneyu, kuyambira pomwe mimba inandiyamba. Kamzere kaja kanavina. Nditafika pa azamba, kaphiri kanathawiratu pakanema. Abwana anayang'ana wotchi, anayang'ana mwana wanga, iye ali zyoli, manja kumbuyo ngati wosalakwa.

Abwana anatulutsa okha mkaka ndi nthochi ija m'kafirijimo. Ndinawauza kuti ndi chingwe chake chomwe, komanso galimoto yokasiyira kunyumba, chifukwa mutu wanga unasiya kusenza. Anavomera zonse ndi mutu, kuopa kuti mawu awonso angagwedeze kamzere kaja.

Ndinatseka pakamwa. Mwana wanga anapotokola kabatani kamodzi, kamodzi kokha, kamzere kaja n'kugona chilambalale, phee. Pofuna kuona ngati sakundinamiza, ndinakuwa mmene ndimaitanira makasitomala basi ikaima. Kananjenjemera pang'ono n'kubwerera pamalo. Abwana anachita kundipempha kuti ndikuwenso, akuseka ngati mwana.

Tili pakhomo, firiji ikukwezedwa, ndinamufunsa mtsikanayo ngati bata lonse lija linali lofunikadi pa kabatani kamodzi.

"Amayi, ndikanatha kuikola pomwe munkapuma mpweya," anandinong'oneza. "Koma munali musanafike pa firiji."

Ndinamuyang'ana bwinobwino. Sukulu sinamuwononge mwana uyu. Ndinamuuza kuti ngongole yatha, koma chivundikiro cha poto wanga chomwe ndinachiona pansi pa tebulo lija ndi nkhani ina.