Msomali wa Amayi

Izi anandiuza ndi mayi wina amene ndinakhala naye pa benchi podikira basi, akuseka koma misozi ili m'maso.

Mwana wake wa zaka makumi anayi anabadwa ndi ulumali wa nzeru. Anthu amamutcha Kachipewa, poti chipewa savula ngakhale posamba. Maondo a mayiyo atayamba kukana, anampezera malo m'nyumba ina momwe mumakhala akuluakulu anayi otere, aliyense chipinda chake, ndi mayi wothandiza amene amabwera masana. Koma mtima sunakhale pansi. Ankangoti, ine ndikadzapita, ameneyu adzayenda bwanji yekha?

Lachinayi lina anakwera basi kukamuona osauza munthu. Anapeza bedi loyalidwa bwino, nsapato palibe, mwini wake palibe.

"Mwana wanga mwamutaya kuti?"

"Khalani pansi kaye, amayi," anatero wothandiza uja. "Tiyeni tione thabwa."

Pafupi ndi chitseko panali thabwa la misomali. Pamwamba pa msomali uliwonse panali chithunzi cha malo: golosale, chipatala, kochapira galimoto komwe Kachipewa amagwira ntchito. Aliyense akamatuluka amapachika chithunzi chake pa msomali wa kumene akupita. Cha Kachipewa chinali pa msomali wa kumapeto, pansi pa nkhope ya mayi ake.

"Wapita kwanu!" anakuwa Wailesi, mnzake wa m'nyumbamo amene pakamwa sipatseka. "Mwaphonyana! Inu kuno, iye uko!"

Wothandiza anafotokoza kuti miyezi itatu akhala akukwera naye basiyo, kumuonetsa potsikira. Lero ndiye koyamba kupita yekha, amafuna awadzidzimutse.

"Ndiye akapeza loko pachitseko?" Mayiyo manja anali pamutu. "Ameneyo akasokonezeka amangoyenda osatembenuka!"

"Tinaphunzira zimenezonso. Akagogoda katatu, pakakhala zii, akwere basi yomweyo abwerere. Foni ali nayo m'thumba, koma timpatse mpata kaye."

Anakhala pakhonde. Wailesi anabweretsa tiyi, mpaka kuzizira osamwedwa. Basi yoyamba inadutsa osaima. Yachiwiri inatsitsa bambo wa matumba. Wothandiza nayenso anayamba kusisita foni. Yachitatu itaima, chinayamba kuoneka ndi chipewa.

Kachipewa analowa pageti nkhope ili gwa. Sanapereke moni. Anapita pa thabwa, nachotsa chithunzi chake, nachibwezera pa msomali wa panyumba. Kenaka anatembenuka.

"Amayi, mwalakwa. Munthu sachoka osapachika chithunzi. Ndikanadziwa bwanji kuti muli kuti? Mukanasochera?"

"Pepani, bambo," anatero mayiyo, akupukuta m'maso.

"Musadzayambirenso."

Nkhani itafika apa basi yathu inatulukira. Mayiyo anatsegula chikwama kundionetsa nyundo yobwereka ndi misomali itatu yokulunga m'pepala.

"Kachipewa akubwera Lachinayi kudzayendera," anatero. "Akapeza thabwa palibe, ndaonekera."