Masamba Pamsewu wa Kusukulu

Enelesi anafika ku Kasungu kuchokera ku Phalombe namondwe wa Freddy atamulanda mwamuna wake Yobe. Matope anatsika m'phiri n'kumukokolola, ndipo thupi lake silinapezeke. Kunalibe bokosi, kunalibe manda, ngakhale wodzamupepesa kunalibe, poti aliyense kumeneko ankalira ake. Chimenechi ndicho chinkamudya mumtima akamasoka fodya pa esiteti ya eni.

Marichi atayandikira, anapita kusukulu yaboma komwe ankaphunzira mwana wake Chikhumbo, kukaonana ndi ahedi, a Mphepo.

"Ahedi, tsiku la namondwe lija layandikira. Ana achiteko mwambo wokumbukira anthu amene anapita."

A Mphepo anali munthu wabwino ndithu, koma malamulo ankawakonda ngati anawalemba okha. "Mayi, pano ndi pasukulu, si patchalitchi. Tikati tizikumbukira zivomezi ndi nkhondo zonse za padziko, ana aphunzira liti? Komanso ku Phalombe n'kutali."

"N'kutali kwa inu," anatero Enelesi.

Ahediwo analola nyimbo imodzi yokha pa asembule, mwina pofuna kuti mayiyo achoke. Enelesi sanali munthu wopempha kawiri. Tsikulo litakwana, m'mamawa anathyola nthambi zaziwisi n'kuziyala chopingasa pamsewu, uku ndi uku kwa sukulu, monga achitira anthu pakagwa maliro.

Wakabaza woyamba kudutsa anatsika panjinga n'kuvula chipewa. Ana atayamba nyimbo ija, mawu anakafika m'zigafa momwe anthu ankapachika fodya. Mu Marichi mlimi wa kuno sasiya fodya ngakhale mumuitanire nyama, koma masamba pamsewu salimbana nawo. Amayi anamanga zitenje, abambo anabwera manja ali bii ndi utomoni wa fodya, bwalo la sukulu n'kudzaza.

A Mphepo anakweza mawu. "Wayala masambawa ndani? Pano palibe maliro!"

A Amosi, mkulu wa mpingo wa m'mudzimo, anayandikira. Anangofunsa chapansipansi, "Watisiya ndani?"

Enelesi anaimirira. "Ndayala ndine. Watisiya ndi Yobe, mwamuna wanga, bambo wa Chikhumbo uyo. Anapita ndi matope ku Phalombe. Sanaikidwe, ndipo palibe anamulira."

Kumbuyo wina anang'ung'udza kuti wasiya fodya padzuwa chifukwa cha maliro akalekale. A Amosi anamucheukira kamodzi kokha. "Maliro n'kulirana. Tafika kale, tikhale pansi."

Amayi anakhala pansi mbali imodzi, abambo anangoima kusowa pokhala. A Mphepo anayang'ana mizere ya ana asukulu. Chikhumbo anali pakati pa anzake atawerama, ndipo atsikana awiri a kalasi yake anali atamugwira manja popanda wowauza. Zimenezi zinawakhudza ahedi kwambiri, chifukwa mwanayo anakhala pasukulupo nthawi yonseyi iwo osadziwa chomwe ankasenza.

"Anyamata a Sitandade 8, tulutsani mabenchi," anatero.

Kenako anapita pomwe anakhala Enelesi, nanjuta pafumbi ndi buluku lawo lositasita. "Pepani mayi. Pepani kwambiri."

Pambuyo pawo anthu anandanda mzere, aliyense kudikira kuti apepese. Enelesi, amene chichokereni ku Phalombe anali asanagwetsepo msozi pamaso pa munthu, anafunda chitenje kumutu n'kuyamba kumulira Yobe mokweza, momutchula dzina.